Njinga Yapinki

"Muyang'anitsitse, bambo a Melissa. Musathamangire kuyankha. Njinga iyi simukuidziwa?"

Esnath anali atatsamiritsa foni pa botolo la shuga, jekete lochoka nalo kuntchito asanavule n'komwe. Mwamuna wake Norman anaponyako diso kamodzi, n'kupitiriza kupaka majarini pa buledi.

"Ma wheelchair amafanana, mayi. Mwina fakitale yake ndi imodzi."

"Fakitale imeneyo inasokereranso chitenje changa pa armrest ya kumanzere?"

Pafonipo pankaoneka kwawo, kachilumba kaja ka pakati pa nyanja komwe onse awiri anabadwira. Anyamata ovala malaya apinki a chipani cha Nyali ankavina mozungulira gogo wina amene anamukhazika pa njinga ya olumala. Njingayo anali ataipaka utoto wapinki mpaka matayala omwe. Pambali panaima Rowland, mng'ono wake wa Norman, amene ankapikisana nawo pa chisankho chapadera cha khansala. Dzanja anali ataliika paphewa la gogoyo, koma mano onse anali kwa wojambula.

Njinga imeneyi Esnath anaigula yekha m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito pa High Street ya Kings Heath, ku Birmingham komwe ankakhala. Anagulira bambo ake, a Justus, amene sitiroko inawapha mbali ya kumanzere n'kuwasiya pamphasa. Poti iye ndi namwino, anadziwa kuti mkono wakufa suchedwa kusupuka, ndiye anakulunga thonje potsamiritsa mkonopo n'kusokerera chitenje chake cha maluwa achikasu. Pa katoni analembapo dzina la mng'ono wake Eness, amene ankadwazika bambowo. Tsiku lopereka katundu kwa munthu wa makontena, Norman anadzipereka kuti akasiya yekha. Esnath anayamika Mulungu tsiku limenelo poganiza kuti mwamuna wayamba kuthandiza pakhomo.

"Munasintha dzina pa katoni," anatero Esnath.

"Ndinangofewetsa zinthu. Rowland ali ndi boti, katundu akafika pa Nkhata Bay amatenga mosavuta. Eness akanaisenza pamutu?"

"Ndiye inafika liti kwa ababa?"

"Ifika. Ikungogwirako kaye ntchito pang'ono. Chisankho chikangotha, straight kwa madala."

"Nanga gogo uyu? Si mwati wapatsidwa?"

"Wapatsidwa pa chithunzi. Imeneyo timati symbolic handover. Ndale inu simuzidziwa, mayi a Melissa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Rowland akalowa m'khonsolo, banja lonse lalowa, ndi ababa anu omwe."

"Ababa akufuna kulowa m'tchalitchi, osati m'khonsolo."

Norman anapukuta pakamwa n'kunyamuka, poti shifiti yake inali itayandikira. Mkati mwa sabata iye ankamanga mabawuti a zitseko pa fakitale ya magalimoto ya ku Solihull. Koma Lamlungu likafika ankasanduka Wapampando wa Nthambi ya Chipani cha Nyali ya ku UK. Mamembala a nthambiyo anali iye mwini, msuweni wake wina wa ku Walsall, ndi mkulu wina wa ku Zambia amene ankabwerera nkhuku yowotcha. Mapepala a kampeni ya makhansala a mu Birmingham momwemo akalowa pakhomo, Norman ankayala pansi pa bini. Mukanamufunsa dzina la khansala wa msewu umene ankagona, akanakuyang'anani ngati mwamufunsa chilankhulo cha nsomba. Koma za kachilumba komwe anachokako kalekale, komwe sakanaponyako n'komwe voti, ankadziwa mpaka amene wadwala chimfine.

Sabata imeneyo njinga ija inagwiradi ntchito. Pa gulu la WhatsApp la anthu akuchilumba panabwera vidiyo ina, Rowland akuipereka kwa bambo wina woduka mwendo. Patangopita masiku anaiperekanso kwa mtsikana wa kumudzi wa kumpoto. Odwala atayamba kuchepa, anakhazikapo mayi wina amene Esnath ankamudziwa bwino, wogulitsa mandasi padoko, amene sitima ikafika amathamanga kuposa anyamata. Mayiyo anapinda khosi mwaluso ndithu, chigongono chili pa chitenje cha maluwa achikasu. Pansi pa vidiyo iliyonse Norman ankalemba kuti chitukuko chafika.

Esnath anaimbira Eness pa nthawi yopuma, ali pakhonde la chipatala ku Edgbaston.

"Akamaliza kujambula amawatsitsapo, achemwali," anatero Eness. "Amawapatsa sopo mmodzi ndi malaya. Njingayo anyamata amaisenza pamutu kubwerera nayo kwa alamu a Rowland. Pamchenga siyenda."

"Unapita kukaitenga?"

"Ndinapita. Anandipatsa mpando, anandipatsa Fanta. Kenako akuti njinga ndi ya ababa ndithu, palibe akukana, koma ababa abwere pamsonkhano, avale malaya apinki, alandire pamaso pa anthu."

"Ababa anati bwanji?"

"Mukuwadziwa. Akuti chifuwa chawo si khoma lomatapo nkhope za anthu. Akuti anaphunzitsa kwaya zaka zonsezi osavala nkhope ya bishopu, ndiye ayambire pa Rowland amene ankaimba mokhota?"

Esnath anaseka pang'ono.

"Nanga ukukwanitsa kuwatembenuza monga ndinakuuzira?"

"Ndekha sindingathe, ndi olemera. Amandithandiza a Anastasia. M'mawa uliwonse amayamba adzera kuno asanapite ku kampeni yawo."

Anastasia ameneyu anali mayi wamasiye woyandikana nyumba ndi a Justus, wochita geni ya usipa. Ndiye amene ankapikisana ndi Rowland, woima payekha, wopanda chipani, wopanda malaya, wopanda m'bale ku Ulaya. Nkhani yake inali imodzi yokha, yakuti amayi oyembekezera asamaberekere m'boti popita kutsidya. Pachilumba pomwe aliyense ndi msuweni wa mnzake, nkhani imodziyo inali itayamba kusowetsa tulo anthu apinki.

"Achemwali," anatero Eness motsitsa mawu, "pa chiuno pa ababa pafiira. Dzulo pakhala ngati payamba kutseguka."

Esnath anati amutumizire chithunzi. Atachiona anakhala kaye pansi. Zilonda zotere ankaziona tsiku ndi tsiku kuwodi, ndipo ankadziwa kumene zimathera munthu akamangogonera mbali imodzi pamphasa. Anachita mantha, ndipo anakwiya, koma mkwiyo wa munthu amene ali ku Birmingham sufika msanga pachilumba.

Lamlungu Esnath atachoka kutchalitchi, nthambi ya chipani inakumana pabalaza pake. Anthu onse atatu anafika. Norman anaika laputopu patebulo, ndipo nkhope ya Rowland inadzaza pagalasi, itavala chipewa chapinki. Esnath sanadikire kuti amuitane. Anatuluka kukhitchini ndi chipande m'manja.

"Alamu, njinga ya ababa mubweze."

"Aa, alamu anga, muli bwanji kaye? Melissa ali bwanji?"

"Ali bwino. Njinga."

"Njinga ilipo, ndikuisunga ngati dzira. Vuto ndi madala. Mukudziwa kuti m'mawa uliwonse opposition imalowa m'nyumba mwawo? Anthu akundiseka, akuti ngakhale apongozi a achimwene ako ali kwa Anastasia. Ndiye ndikangoipereka chinunu, anthu adzati yabwera ndi ndani?"

"Adzati yabwera ndi mwana wawo. Si zoona?"

"Zoona sizipambanitsa chisankho, alamu."

Msuweni wa ku Walsall anagwedeza mutu ngati wamva vesi. Wa ku Zambia anali kalikiliki ndi ntchafu ya nkhuku.

Apa Norman anatsokomola monga amachitira apampando. "Ndiye taganiza chonchi, mayi a Melissa. Win-win. Ababa asavale malaya, tawamva. Koma inu mupange kavidiyo kakafupi. Muvale uniform. Anthu kumudzi amalemekeza nurse wa ku UK kuposa MP. Mungonena kuti zipangizo zachipatala zikubwera kudzera mwa Rowland. Mukatero, Loweruka njinga ili pakhonde pa ababa."

"Mukundigulitsa njinga yanga yomwe?"

"Palibe akugulitsa. Kupatsa n'kuika."

"Mwambi umenewo musaudetse. Inu mwaika chiyani? Utoto?"

"Onani, mayi, mukapanda kutero ndiye kuti njinga idikira chisankho chithe. Ndipo zikapanda kuyenda bwino, anyamata akakhumudwa, ine sindingalonjeze kuti idzapezeka ili ndi matayala."

Esnath anayang'ana mwamuna wake. Anaganiza zolemba zonse pa gulu la WhatsApp kuti chilumba chonse chidziwe. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanamuyalutsa Rowland, njinga ikanagona pansi pa nyanja tsiku lomwelo. Kugula ina kunali kotheka, koma kontena imayenda miyezi, ndipo chilonda sichidikira kontena. Anabwerera kukhitchini osayankha, ndipo apampando analemba m'mutu mwawo kuti mfundo yadutsa.

Lachiwiri Eness anatumiza chithunzi china. Lachitatu Esnath anavala yunifolomu, nachotsa baji ya dzina la chipatala.

Norman anakana kujambulira m'nyumba. Anati pabalaza pawo pakufanana ndi ku Area 25, anthu sakhulupirira kuti ndi ku Ulaya. Anapita naye pamalo okwerera basi, nadikira kuti basi yosanjikizana idutse kumbuyo. Mawu anali atawakonza kale, ndipo ankamunong'oneza mzere ndi mzere. Esnath ananena za chitukuko, za zipangizo, za mnyamata wamasomphenya. Atafika pa mzere womaliza anaima.

"Uwu sindinena."

"Umenewo ndiye mutu wa nkhani. Rowland wanenetsa."

"Mayi ameneyu ndi amene akutembenuza ababa."

"Simukutchula dzina. Politics si personal, mayi a Melissa. Tiyeni, basi ina ikubwera."

Basi inabweradi. Esnath anayang'ana kagalasi ka foni, naganiza za chiuno cha bambo ake, n'kunena momveka bwino ngati akuwerenga malangizo a mankhwala: "Abale anga, musataye voti yanu kwa mayi wongodziwa kuyanika usipa. Zaumoyo zimafuna anthu oyenda."

"Perfect," anatero Norman. "Mukanakhala wandale inu."

Esnath anakwera basi yomweyo kupita kuntchito. Anadziuza kuti ndi mawu chabe, mawu sapha munthu. Anadziuzanso kuti pachilumba netiweki ndi yovuta, mwina ababa sadzaiona n'komwe. Anaiwala kuti chipani cha Nyali, ngakhale chinalibe mfundo, chinali ndi chimkuzamawu chachikulu cha batire.

Loweruka chakumasana Eness anaimba pa vidiyo. Esnath anali kukhitchini akukonzekera shifiti ya masana. Norman anathamanga kukavala malaya ake apinki kuti naye aonekere, nadzaima kumbuyo kwa mkazi wake.

"Afika, achemwali," anatero Eness. Mawu ake anali ozizira, ndipo sanamufunse n'komwe kuti wadzuka bwanji.

Foni inatembenuka. Pabwalo la nyumba imene Esnath anakuliramo panadzaza anyamata, ng'oma, ana ndi agalu. Awiri anali atasenza njinga pamutu. Wina anasenza chimkuzamawu, ndipo m'menemo munkatuluka mawu amene Esnath anawazindikira mochedwa kuti ndi ake.

"Chakhala chikuzungulira chilumba kuyambira Lachinayi," anatero Eness. "Pano chimadutsa m'mawa ndi madzulo."

Pakhonde, pamphasa, panali a Justus. Anali ataonda kuposa pa zithunzi. Anatsamira pa mayi wina wamfupi wa mpango wakuda, amene anawagwira ndi mkono umodzi kumsana. Esnath sanafunikire kuuzidwa kuti ameneyo ndi Anastasia.

Rowland analamula kuti chimkuzamawu chizimitsidwe. Anyamata anatsitsa njinga naiika pafupi ndi khonde. Utoto unali utayamba kusupuka, ndipo chitenje chija chinali chitada ndi zigongono za chilumba chonse. Wojambula anagwada kufuna malo abwino.

"Madala," anayamba Rowland mokweza, "lero chipani cha Nyali, mogwirizana ndi ana athu a ku UK..."

A Justus anakweza dzanja lawo lamoyo. Linali dzanja lomwe lija linkaimitsa kwaya yonse pakati pa nyimbo, ndipo ngakhale ng'oma zinakhala chete.

"Rowland," anatero. Mawu ankatuluka mbali imodzi ya kamwa, pang'onopang'ono, koma ankamveka. "Njinga iyi ndaimva mbiri yake. Akuti yachiritsa anthu ambiri. Wina wangokhalapo pang'ono, mawa lake ali padoko kugulitsa mandasi."

Ana anaseka. Anyamata ena apinki anayang'ana pansi.

"Ndiye pitiriza nayo, mwana wanga. Odwala akadalipo kumwera. Ine ndingakuchedwetse, chifukwa ndikakhalapo sinditsikapo."

"Madala, iyi ndi yanu. Alamu atumiza."

"Ndamva zimene alamu ako atumiza. Ndakhala ndikuzimva kuyambira Lachinayi. Eness, bwera nayo kuno foniyo."

Nkhope ya bambo ake inadzaza pagalasi. Diso lakumanzere linkatuluka misozi lokha monga limachitira chiyambire matendawo. Lakumanja linali louma.

"Ababa," anatero Esnath, "khalanipo, chonde. Chilondacho chikula. Mukufunika kudzuka pamphasapo. Ndinachita zimenezi chifukwa cha inu."

"Chifukwa cha ine."

"Inde, ababa. Panalibe njira ina."

"Mayi awa andigwirawa ukuwaona?"

"Ndikuwaona."

"Dzulo akundisambitsa chilondacho, ndi madzi a mchere monga unanenera, mawu ako anadutsa pamsewu apo. Sanasiye. Anangoti, mwana wanu ali ndi mawu abwino, a Justus. Ine ndinasowa poyang'ana, ndipo kutembenuka ndekha sinditha."

Manyazi anamugwira Esnath thupi lonse.

"Usipa umenewo ndi umene unakulipirira sukulu ya unamwino," anapitiriza a Justus. "Mayi ako ankayanika pa thandala limodzi ndi mayi awa. Kapena ku Ulayako anakuuzani kuti munaphunzira ndi ndalama za mabasi osanjikizana?"

"Pepani, ababa."

"Pepani sapoletsa chilonda, iwe ndiwe namwino ukudziwa. Ndimafuna ndipite kutchalitchi, n'zoona. Ndimafuna ndikamve ngati akuimbabe bwino. Koma ndikalowe pa njinga imeneyi, anthu adzati uyo akubwera apoyo anagula matayala ndi pakamwa pa mwana wake." Anapuma kaye, nameza malovu movutikira. "Ine chinafa ndi mwendo ndi mkono basi, mwanangu. Nanga iwe kumeneko chafa n'chiyani?"



"Mayi Anastasia," anatero a Justus, "nditembenuzeni. Mbali iyi yatopa."

Eness anaiwala kudula foni. Anaitsamiritsa pa chipilala cha khonde n'kupita kukathandiza. Esnath anaona mayi wongodziwa kuyanika usipa uja akupinda bondo la bambo ake, kuika dzanja limodzi paphewa ndi lina pachiuno, kuwerenga ndi Eness, n'kuwatembenuza mofatsa. Kenako anapinda nsalu naiika pakati pa mawondo, ndendende monga Esnath anaphunzitsira pafoni. A Justus anayang'ana kukhoma.

Pabwalo Rowland ankakalipira wojambula kuti afufute zonse. Kenako anayang'ana wotchi. Kumudzi wa kumwera anthu anali akudikira msonkhano, ndipo kunali nkhalamba ina yakhungu imene inali isanalandirepo njinga. Anyamata anaisenzanso pamutu.

"Anthu akakalamba amavuta," anatero Norman kumbuyo kwake, akuvula malaya apinki. "Koma musadandaule, vidiyo yanu ija ikugwira ntchito. Rowland akuti amayi ambiri asintha maganizo."

Esnath sanatembenuke. Maso ake anali pa msana wa bambo ake. Gulu lija litafika pamsewu, wina anayatsanso chimkuzamawu, ndipo m'khitchini ya ku Kings Heath munamveka mawu a namwino wa ku UK, omveka bwino, aulemu, akulangiza abale ake kuti asataye voti yawo. Anastasia anakweza mutu kumvetsera pang'ono, kenako anakoka nsalu n'kufunditsa a Justus kumapazi.